Kupha Nswala Sikungathetse Njoka Zam'mimba

Mvula ikagwa, mbuzi n'kuyamba kuwonda ndi kutupa kunsi kwa chibwano, m'midzi yoyandikana ndi malo osungirako nyama zakutchire mumamveka mawu amodzimodzi: nswala ndi njati ndizo zabweretsa njoka zam'mimba, ndiye zipirikitsidwe kapena ziphedwe. Nkhani ino ikutsutsa maganizo amenewa.

N'zoona kuti mitundu ina ya njokazi imapezeka mwa ziweto ndi nyama zakutchire zomwe. Koma kuti zifike mwa mbuzi zimayamba zakhala pamsipu, ndipo pamenepo imalamula ndi nyengo. Njoka yoyamwa magazi yotchedwa Haemonchus contortus imaikira mazira 5,000 kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo amatuluka ndi ndowe. Kukafunda, pansi pali chinyezi, mazira amaswa. Pakatha pafupifupi sabata, timphutsi timakwera udzu wa mame kudikira chiweto. Dzuwa la Okutobala limaumitsa tambiri. Mbuzi yomangidwa pachikhomo chimodzi Januwale yense imadya timphutsi ta m'ndowe zake zomwe, nswala kulibe n'komwe.

Kuchigwa cha Kafue ku Zambia, ng'ombe zimadya pamodzi ndi nyama zotchedwa lechwe, ndipo zonse zimagwidwa ndi nyongolotsi ya m'chiwindi, Fasciola gigantica. Nyongolotsiyi siingafale popanda nkhono ya m'madzi yomwe imakuliramo isanakakamire paudzu. Lechwe zitachoka, nkhono ndi ng'ombe zingapitirize kupatsirana m'dambo lomwelo.

Umboni wina uli kuzilumba za St Kilda ku Scotland, komwe anthu anasamukako mu 1930. Nkhosa zamtundu wa Soay zimakhala kumeneko zopanda mbusa, ndipo akatswiri akhala akuziwerenga kuyambira 1985. Njoka zimakhala nazo chaka chilichonse, koma nkhosazo zimafa zambiri pamene zachulukana, msipu watha, nyengo yozizira n'kubwera ndi mkuntho. Njala imafooketsa thupi, njoka n'kumalizitsa.

Mlimi wofuna kupulumutsa khola lake ali ndi zochita zogwirika. Asinthesinthe malo odyetsera m'dzinja, asathithikize ziweto pamsipu umodzi, ndipo azimwetsa pamalo opanda matope ndi nkhono. Atsitse chikope cha mbuzi n'kuyang'ana mkati: mukayera, magazi achepa. Yoteroyo ndiyo imwetsedwe mankhwala pa mlingo umene mlangizi wa ziweto wanena, chifukwa kumwetsa khola lonse pafupipafupi kumachititsa kuti njokazo zisamamvenso mankhwala.