Makina a sikani afikenso ku wodi ya ana

Pali mau amene makolo ambiri kuno kum'mawa amaopa kumva kucipatala: "Tifuna kutengako madzi a kumsana kwa mwana." Ena amakana, ena amabereka mwana usiku n'kuthawa naye. Amati singano ya kumsana imapha kapena kupuwalitsa.

Tiyeni timvetsetsane. Mwa ana, matenda oumitsa khosi amafanana ndi malungo aakulu: kutentha thupi, kukomoka ndi kukana bere. Mwa khanda liwombo limathanso kutupa. Magazi a pacala angaonetse malungo, koma matenda oumitsa khosi amatsimikizika poyesa madzi ozungulira ubongo ndi mtsempha waukulu wa msana. Dotolo amatengako pang'ono, osadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi, ndipo thupi limapanga ena. Njirayi si yacilendo. Dotolo wa ku Germany, Heinrich Quincke, anaiyamba mu 1891. Mwana amene wamwalira atalasidwa, kawirikawiri ndi uja anafika mocedwa, matenda atakula kale. Singano imangosenza mlandu wa matenda.

Komabe mantha a makolo ali ndi poyambira. Msana wa khanda ndi waung'ono, ndipo mwana sakhazikika. Dotolo amafufuza mpata wa mafupa ndi zala. Nthawi zina amalasa kawiri katatu osapeza madzi, kapena madziwo amatuluka osakanikirana ndi magazi, zimene zimasokoneza oyesa. Mai amene waona zimenezi amakauza mudzi wonse.

Apa ndi pamene makina a sikani, omwe aja aunikira amai apakati, angatithandize. Si X-ray ai. Amagwira nchito ndi mafunde a mau amene khutu silimva. Mwa khanda la miyezi yocepa mafupa a msana amakhala asanakhwime, conco makina amaona bwino mkati: pamene mtsempha wathera, pamene pali madzi, ndi kutalika kwake kucokera pakhungu. Dotolo amaika cizindikiro m'munsi mwa pothera mtsempha n'kulasa pamenepo. Ofufuza apeza kuti potero, kulasa mobwereza ndi kutuluka kwa magazi kumacepa.

Makinawa alimo kale m'zipatala zazikulu monga Chipata Central ndi St Francis ku Katete, ndipo masiku ano kulinso ang'onoang'ono olumikiza ku foni. Ndipempha a Unduna wa Zaumoyo kuti aphunzitse madotolo a ana ndi othandiza ao kuunika msana, m'maboma momwe. Pounika, amai kapena agogo a mwana aitanidwe pafupi kuti aone okha pamene singano ipite. Munthu amene waona ndi maso ake savuta kuvomera, ndipo akabwerera kumudzi amakafotokoza zoona.

Makina salowa m'malo mwa luso la manja. Ndiponso mwana wodwala kwambiri asadikire makina. Mankhwala ayambe msanga, ndipo dotolo ndiye aweruze ngati kulasa kuli koyenera nthawi imeneyo.

Inu makolo anzanga, katemera wa PCV amene anayamba m'Zambia mu 2013 amateteza ku tizilombo tina toyambitsa matendawa, conco musaphonye sikelo. Mwana akatentha thupi n'kukana kuyamwa, thamangani naye tsiku lomwelo. Dotolo akachula za madzi a kumsana, musathawe, mufunseni akufotokozereni. Paja safunsa anadya phula.