Debugger ikakuonetsani zosamveka, musangozivomera

Tsiku lina ku kalabu yathu ya makompyuta, mtsikana wina wa Fomu 3 ankalemba pulogalamu ya Python yosonyeza momwe mpira umayendera ukaponyedwa pa liwiro la mamita 20 pa sekondi, pa ngodya ya madigiri 30. Mpira wake unkangolowa pansi m'malo mokwera. Anatsegula debugger, chida chija chimaimitsa pulogalamu panjira kuti uone zomwe zili m'kati, ndipo pamene panayenera kuoneka liwiro panalembedwa <__main__.Vekitala object at 0x7f3a...>.

Imeneyo ndi adiresi chabe ya pomwe kompyuta yasunga chinthucho. Zili ngati ammeter yofufutika manambala: singano ikuyenda, inde, koma ulemba chiyani m'kope?

Anzake anati angomwaza print paliponse. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. Print uja mawa umufufuta, kenako umulembanso. Chomwe tinachita n'kuwonjezera mizere iwiri mu class yake, method yotchedwa __repr__, yomwe imauza Python momwe chinthu chizionekera. Debugger inayamba kuonetsa Vekitala(x=3.09, y=-19.76). Mwanayo anaona yekha. Sin ya madigiri 30 ndi theka, choncho y anayenera kukhala 10. Vuto linali lakuti math.sin imafuna ngodya mu ma radian, ndiye kompyuta inkawerenga 30 uja ngati ma radian 30. Atakonza ndi math.radians, zinatuluka 17.32 ndi 10, mpira n'kuuluka.

Nanga zinthu za mu library zomwe simunalembe nokha? Ku Python ambiri anakuganizirani kale: Fraction imadzionetsa ngati Fraction(1, 3), ndipo NumPy imaonetsa manambala enieni. Ku C++ n'kovutirapo. Popanda chothandizira, std::vector imaoneka ngati mulu wa ma pointer, osati mndandanda womwe munaikamo. N'chifukwa chake Visual Studio ili ndi mafayilo a Natvis, olembedwa mu XML, ndipo GDB kuyambira mu 2009 imalola timapulogalamu ta Python totchedwa pretty-printer. Library ikabwera ndi fayilo yotere, ilumikizeni tsiku loyamba lomwelo, osati usiku woti mawa mukapereke pulojekiti.

Kungoti samalani. Ife tinadula manambala pa malo awiri pambuyo pa dontho kuti aziwerengeka msanga, ndipo zikatero 0.004 amaoneka ngati 0.00. Mtsikana uja atadzafika pa kukana kwa mpweya, komwe manambala ake amakhala ang'onoang'ono, tinabwerera ku __repr__ n'kuika malo asanu.