Mbiya zathu zilibe dzina, ndipo mlandu ndi wathu aphunzitsi

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndabwera ndi nkhani ya dothi. Musaseke.

Kwa zaka zambiri mabuku anga pa shelefu ndinkawatchinga ndi njerwa ziwiri, ina uku ina uku, kuti asamagwe. Chaka chatha ndinapita kwa gogo wina woumba mbiya kuno kwa Chigaru kukawapempha kuti andiumbire zinthu ziwiri zolowa m'malo mwa njerwazo. Anaseka mpaka misozi, amvekere, "Aphunzitsi, mbiya yopanda pakamwa muphikamo chiyani?" Komabe anaumba, tiwiri tonga mtsuko wodulidwa pakati, tili ndi mizere ya m'khosi imene amayi awo anawaphunzitsa. Mkati anasiyamo mphako ndi kabowo kumbuyo, ati dothi lochindikala kwambiri limaphulika pamoto. Ine ndinathiramo mchenga n'kutseka ndi chitsononkho. Mabuku anasiya kugwa.

Ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa zotchingira mabuku zadothi ngati zimenezi, ndipo amalimbirana zakalekale. Zotchuka kwambiri ndi za Rookwood, fakitale imene mayi wina, Maria Longworth Nichols, anaiyambitsa ku Cincinnati mu 1880. Ukatembenuza choumba chawo umapeza chidindo pansi, ndipo chidindocho chimakuuza kumene chinapangidwa ndi chaka chake. Wogula sagula dothi lokha ayi, amagulanso mbiri yake.

Nditatembenuza zanga ndinapeza pansi pali see, popanda dzina, mudzi kapena chaka. Nditawafunsa gogo aja anati chiyambire kuumba palibe amene anawafunsapo dzina. Anthu amangofunsa mtengo, kenako n'kuyamba kunenerera.

Chimene chikundiwawa n'chakuti ife aphunzitsi a History timadziwa bwino kufunika kwa phale. Timaphunzitsa ana za mbiya za Nkope, Kapeni, Longwe ndi Mawudzu. Mayina amenewa ndi a malo amene anafukulako mapalewo, ndipo munthu amene anagwira ntchito yaikulu yowasiyanitsa anali Keith Robinson, amene mu 1970 anatulutsa zimene anapeza kumwera kwa nyanja ya Malawi. Dr Yusuf Juwayeyi atafukula ku Mankhamba, likulu la Kalonga pafupi ndi Mtakataka, anapeza mapale a Mawudzu pamodzi ndi mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, ndipo buku lake la zimenezi linatuluka mu 2020. Zambiri zimene tikudziwa za makolo athu Amaravi zinachokera m'dothi lowotcha. Koma mwana amene amaloweza "Nkope" pofuna kukhoza mayeso amadutsa mbiya pa msika wa Lirangwe kapena pa Lunzu osatembenuka n'komwe, ndipo sitinamuuzepo kuti nkhani yake ndi imodzimodziyo.

Choipitsitsa ndi chimene timalankhula m'kalasi. Ineyo ndinanenapo kangapo kwa atsikana kuti, "Mukapanda kulimbikira mudzakaumba mbiya kumudzi." Ndinkati ndikuwalimbikitsa. Lero gogo aja ali ndi adzukulu ambiri koma palibe ndi mmodzi yemwe amene amafuna kugwira dothi, ati ndi ntchito ya osaphunzira. Mawu amenewo anawamva kuti? Kwa ife tomwe.

Ndikudziwa zimene ena munena, ndipo zina ndikuvomereza. Ndowa ya pulasitiki ndi yopepuka, ndipo mwana akaigwetsa ku mjigo sisweka. Kuwotcha mbiya kumafuna nkhuni, pamene mitengo kuno inatha ndi makala. Komanso kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa kuti madzi akumwa amene aliyense amapisamo chikho ndi dzanja ndi oopsa. Sindikunena kuti titaye zigubu tibwerere ku mtsuko. Ndikunena kuti luso likasiya kugwira ntchito yake yakale, tilipezere ina lisanafe. A Dedza Pottery, amene anayamba mu 1987, anaonetsa kuti dothi la ku Malawi likhoza kusanduka makapu ndi mbale zimene alendo amanyamula mpaka kwawo. Nanga la kwathu kuno lalakwa chiyani?

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo silifuna ndalama za boma kapena za mabungwe. Sukulu iliyonse ikhale ndi kashelefu ka zoumba za m'dera lake: mphika, mtsuko, nkhali, nkhate. Pa chilichonse pakhale kapepala kolembapo dzina la woumba, mudzi wake, chaka, kumene amakumba dothi ndi amene anamuphunzitsa. Ana a Fomu 1 ndi 2 akhoza kuchita zimenezi pa sabata imodzi. Wa sayansi atengepo mtsuko afotokoze chifukwa chake madzi amazizira m'menemo, kuti timabowo ta m'dothi timatulutsa chinyezi chimene pouma chimachotsa kutentha. Wa Chichewa alembe mayina a zida ndi a mizere yokongoletsera asanaiwalike. Ndipo tikamagula, tiwapemphe oumbawo kuti aziika chizindikiro chawo pansi dothi lisanaume, ngakhale katimzere tiwiri ta kamtengo.

Inu ana anga amene muli pantchito ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, mukabwera pa holide musangotibweretsera mabeseni. Funsani kunyumba ngati mbiya ya agogo anu ikadalipo, ndipo ngati ilipo funsani amene anaiumba akuluakulu akadali moyo. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ine ndabwereranso kwa gogo aja kukaitanitsa zina ziwiri za ku laibulale. Ulendo uno agwirizana nazo zodinda chala chawo chachikulu pansi, ndipo chaka ndilemba ndine.