Zala za Daigo ndi anyamata a ku Lahore

Pa 1 Ogasiti 2004, mu holo ya pasukulu ya ukachenjede ya Cal Poly Pomona ku California, kamzere kosonyeza moyo wa Daigo Umehara pa sikirini kanali katatsala kopyapyala ngati tsitsi. Unali mpikisano wa Evo, gemu inali Street Fighter III: 3rd Strike, ndipo mnzake wolimbana naye, Justin Wong wa ku New York, anaona kuti nyama yagwa kale. Anatulutsa chida chachikulu cha Chun-Li, munthu wa mu gemu amene ankagwiritsa ntchito, mateche otsatizana ngati matalala padenga la malata. Kungotchinga sikukanathandiza, chifukwa pa chida chotere ngakhale wotchinga amachotsedwabe moyo pang'ono, ndipo pang'onopo ndi pamene Daigo anatsala napo. Njira inali imodzi yokha, imene osewera amaitcha parry: kukankhira kandodo kutsogolo, komwe thechelo likuchokera, pa kamphindi kenikeni komwe likufika. Daigo, akugwiritsa ntchito Ken, anatero ka 15 osaphonya, komaliza ali m'malere, kenako n'kubwezera mpaka Chun-Li anagwa. Holo yonse inadzuka ndi mfuu.

Oonera kanemayo koyamba ambiri amangoti, munthu uyu anabadwa nazo. Mawuwa amamveka ngati ulemu, koma amamubera Daigo zaka zoposa 10 za thukuta.

Masamu ake ndi awa. Magemu a ndewu amaonetsa zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndipo chibakera chofulumira mu Street Fighter chimatuluka m'zithunzi zitatu kapena zinayi zokha. Munthu wamba, kuti diso lione ndi chala chiyankhe, amafuna pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, zomwe ndi zithunzi ngati 15. Palibe mayi amene anabereka mwana wotha kuona chibakera chotere n'kuchizinda chitatuluka kale. Katswiri amachiyembekezera. Anthu a ku Japan ali ndi liwu lake, yomi, kutanthauza kuwerenga maganizo a mnzako, zofanana ndi mkulu wa bawo amene amadziwa komwe mnzake athere dzanja lisananyamule n'komwe nkhomo. Mateche a Chun-Li aja amabwera ndi kayendedwe kamodzimodzi nthawi zonse, choncho zala zikhoza kuwaloweza ngati ng'oma ya gule. Chovuta chinali kudziwa kuti loyamba libwera liti, ndi kusanjenjemera anthu mazana akukuwa kumbuyo. Zimenezo munthu amazitola kwa anthu anzake.

Daigo anabadwa mu 1981, ndipo anayamba kukhalira m'nyumba za magemu za ku Tokyo ali mwana wa pulayimale, Street Fighter II itangotuluka. M'malo amenewa wogonja amachoka pampando, ndipo kuti akhalenso ayenera kuponya kobiri ina. Kugonja kumapweteka m'thumba, motero munthu amabwerera kunyumba akusinkhasinkha chomwe chamugwetsa. Mu 1998, ali ndi zaka 17, anapambana mpikisano wa dziko lonse la Japan wa Street Fighter Alpha 3, n'kupita ku San Francisco kukagonjetsa Alex Valle, katswiri wa ku America. Pambuyo pa Evo ya 2004 ija anasiya magemu kwa kanthawi, n'kumagwira ntchito yosamalira okalamba. Atabwerera anatenga chikho cha Evo mu 2009 ndi 2010.

Koma nkhani imene imaphwanya bwino chikhulupiriro cha kubadwa nazo ndi ya Tekken. Kwa zaka zambiri aliyense ankadziwa kuti gemu imeneyi eni ake ndi anthu a ku South Korea ndi Japan, ndipo pamwamba pa onse panali Bae Jae-min, wodziwika ndi dzina loti Knee. Mu 2018, pa mpikisano wina ku Dubai, Knee anagonja kwa mnyamata wa ku Lahore, Pakistan, amene ambiri anali asanamumvepo: Arslan Siddique, kapena kuti Arslan Ash. Mu Febuluwale 2019 Arslan, atavutika ndi nkhani za viza n'kudumphadumpha ndege masiku angapo, anafika ku Fukuoka mpikisano wa Evo Japan uli pafupi kuyamba, ndipo anaupambana. Mu Ogasiti chaka chomwecho anapita ku Las Vegas n'kugonjetsanso Knee mu ndime yotsiriza ya Evo.

Dziko linafuna kuika Arslan m'gulu la ana odabwitsa amene amangotulukira kamodzi pa zaka zambiri. Mwiniwakeyo ndiye anauza anthu kuti kwawo kuli osewera ena ambiri oopsa, amene kusowa kwa viza ndi ndalama kunkawatsekera pakhomo. Sananame. Posakhalitsa maina ngati Awais Honey ndi Atif Butt anayamba kugwetsa zimphona, ndipo Atif anadzatenga chikho cha Tekken World Tour cha 2022. Dera limodzi silingabereke mwangozi anthu ambiri chonchi a zala zodalitsika. Chimene Lahore inali nacho ndi tinyumba ta magemu todzaza, momwe anyamata ankakunthana tsiku ndi tsiku, maso ndi maso, wina akapeza kanjira katsopano mawa lake onse atapeza kale mankhwala ake.

Izi sizikutanthauza kuti anthu onse amayambira pamzere umodzi. Dominique McLean, wodziwika kuti SonicFox, anapambana Evo pa gemu ya Injustice mu 2014 ali ndi zaka 16, ndipo wakhala akuphunzira magemu atsopano mwaliwiro lomwe anzake ochita khama lofanana salifika. Mphatso yotere ilipo ndithu, ndipo kuikana n'kudzinamiza. Cholakwika n'choti ambiri amaisandutsa pothawira. Mnyamata akagonja masewero 10 otsatizana amaponya pansi kontolola n'kunena kuti alibe magazi ake, pomwe sanakhalepo ndi ola limodzi kuonera momwe anagonjera, kapena kubwereza njira imodzi mu training mode mpaka zala zitaizolowera. Woteroyo akumbukire Mike Begum wa ku Texas, wodziwika kuti BrolyLegs, amene anamwalira mu 2024. Anabadwa ndi vuto la arthrogryposis lomwe linamulepheretsa kugwiritsa ntchito bwino manja, ndipo ankasewera Chun-Li ndi tsaya komanso lilime, atagona chafufumimba, n'kumagonjetsa anthu a zala 10 zamoyo pa mipikisano ikuluikulu.

Knee naye sanakhale pansi n'kumadandaula kuti kwabwera mwana wamphatso yoposa yake. Ngakhale anali kale ndi zikho zodzaza kabati komanso zaka zoposa 30, msinkhu umene ambiri amati zala zayamba kulemera, anakwera ndege kupita ku Pakistan kukasewera ndi anyamata aja kwawo komweko. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anakagonjako masewero, anapambanako ena, n'kubwerera ku Korea ndi zomwe anaona.

Mu Ogasiti 2022, ku Las Vegas, ndime yotsiriza ya Tekken 7 pa Evo inali pakati pa Knee ndi Khan wa ku Pakistan. Arslan anathera pa nambala 3. Chikho chinapita ku Korea.