KABOKOSI KACHIKASU KAKABEDWA, TIUZENI MSANGA KOMANSO M'CHICHEWA

Achinyamata anzanga a pa Boma, Bembeke, Linthipe, Chimbiya mpaka ku Lobi, werengani kaye musanatumize kwa ena.

Nthawi ndi nthawi m'magulu athu a WhatsApp mumagwa nkhani yoti kwinakwake kwabedwa chipangizo cha radiation. Pompo timagawikana pawiri. Ena amakuwa kuti mabomba abwera. Ena amati bodza la atolankhani ili, akufuna tiiwale za mafuta ndi mtengo wa chimanga. Tonse tikuphonya, ndipo wodzavulala ndi mng'ono wathu uja amayendayenda ndi thumba kutola zitsulo zakale.

Chipangizocho ena munachionapo. Pomanga msewu, amisiri amanyamula kabokosi kachikasu, nthawi zambiri ka mtundu wa Troxler, koyezera ngati dothi lashindiridwa bwino. Mkati mwake muli cesium-137 ndi americium-241, zotsekeredwa m'chitsulo. Bomba la nyukiliya sungapange nazo, iwalani zimenezo. Kakakhala kotseka, m'manja mwa ophunzitsidwa, vuto ndi lochepa. Vuto limayamba wakuba akakatenga n'kukaswa ndi hamala pofuna chitsulo chokagulitsa pa sikelo. Radiation sinunkha, sioneka, ndipo mphamvu ya cesium imatenga zaka pafupifupi 30 kuti ichepe ndi theka lokha.

Amene mukuti ndi nthano, mverani. Mu 1987 ku Goiânia, m'dziko la Brazil, anthu awiri anatenga makina pachipatala chosiyidwa n'kukagulitsa kwa wogula zitsulo. Ufa wa cesium unkawala mumdima, anthu ankagawana ngati chodabwitsa. Anamwalira anthu anayi, mmodzi mwa iwo mtsikana wa zaka 6, ndipo oposa 100,000 anakayezedwa. Makina amenewo anali amphamvu kwambiri kuposa ka pamsewu, koma njira yake ndi yomweyo: kusasamala, kuba, sikelo. Mu March 2023 ku Prachinburi, ku Thailand, chipangizo choyezera chokhala ndi cesium chinasowa pafakitale yopanga magetsi, ndipo cesium anakapezeka pamalo osungunulira zitsulo.

Ndiye tisamakayikire nkhani? Ayi, kayikirani, inenso ndimakayikira. Koma tizikayikira zoyenera. Nkhani ikangoti "chipangizo chasowa, anthu asade nkhawa", osanena tsiku, malo, mwini wake, opanda ngakhale chithunzi, nkhani imeneyo ikuteteza kampani, osati ife. Funso si lakuti zachitikadi kapena ayi. Funso ndi lakuti anadziwa liti, nanga atiuza liti? Ku Australia mu January 2023 kachitsulo ka cesium, kochepa kuposa nsawa, kanagwa m'galimoto yochokera ku mgodi wa Rio Tinto. Anthu anauzidwa patatha pafupifupi milungu iwiri. Koma atauzidwa, anaonetsedwa maonekedwe ake, anachenjezedwa kutalikira mamita 5, ndipo pa 1 February kanapezeka m'mbali mwa msewu.

Nanga kuno kwathu? Malawi analowa m'bungwe la IAEA mu 2006. Tili ndi Atomic Energy Act ya 2011, tilinso ndi bungwe la AERA lopereka ziphaso kwa osunga zipangizo zotere. Malamulo alipo ndithu, koma ali m'Chingerezi, mayi wa ku Kasumbu sadzawawerenga. Pomwe msewu wa M1 wadutsa pakhomo pathu, ndipo pachipata cha Dedza mathiraki akulowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku.

Ine ndili ndi zaka 24, digiri ili m'sutikesi, ndimathandiza mayi kugulitsa kachewere. Anzanga ena amene tinavala nawo gauni akugula ndi kugulitsa zitsulo. Mwakana kutilemba ntchito, chabwino, koma musatibisire chimene chingatiphe pa ganyu yomwe tadzipezera tokha.

Tikufuna izi:

1. AERA izilengeza chaka ndi chaka zipangizo zomwe zili ndi ziphaso, zomwe zasowa ndi zomwe zapezeka.
2. Chikasowa, chenjezo lituluke tsiku lomwelo, m'Chichewa, pawayilesi ndi pafoni, chithunzi chili pomwepo.
3. Ogula zitsulo, mafumu ndi apolisi aphunzitsidwe chizindikiro cha radiation.
4. Atolankhani afunse tsiku ndi mwini wake, asamangokopera chikalata cha kampani.

Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020. Tilemba makalata, ndipo yankho lililonse tidzaliika pano, ngakhale litakhala chete.

Pakadali pano, mukaona chitsulo kapena bokosi lokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu ngati a fani pamtundu wachikasu, musachigwire, musachiswe, musachitengere kunyumba. Talikirani, chotsanipo ana, dziwitsani apolisi. Uthenga wopanda tsiku ndi malo musautumize. Uwu tumizani, makamaka kwa ma guy a pa sikelo. Chakudza sichiimba ng'oma.