Xadrez: munthu wa ntchito asankhe abertura zitatu basi

Abale okonda xadrez, masewera amene anzathu a ku Malawi amati tchesi, pali matenda amene akuchotsa akuluakulu ambiri pa tabuleiro. Munthu ali ndi ntchito, ali ndi banja, mwina ndi munda, ndipo nthawi imene angapatule ndi maola awiri kapena atatu pa sabata. Tsono maola omwewo amathera kuloweza abertura, ndiye kuti mayendedwe oyambira masewera. Lero waona Siciliana pa foni, mawa Francesa, mkuja wamva kuti gambito wakutiwakuti amapha msanga. Pakutha pa mwezi palibe imene akuidziwa, ndipo akagonja kwa mwana wa sukulu amati xadrez si ya anthu okalamba. Makolo anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Nkhalango imene munthuyu walowamo ndi yaikulu. Buku la abertura limene akatswiri a ku Belgrade anayamba kusindikiza mu 1974 linagawa mayendedwe oyambira m'magulu 500, kuyambira A00 mpaka E99, ndipo gulu lililonse lili ndi nthambi zake. Ngakhale amene xadrez ndiyo inali ntchito yawo anasocheramo. Bobby Fischer ankaidziwa Siciliana ya Najdorf koposa wina aliyense m'nthawi yake, komabe mu 1972 ku Reykjavik, m'masewera a nambala 11, Boris Spassky anamukonzera msampha m'njira yomweyo, dama ya Fischer nkukodwa. Nanga mphunzitsi wa ku Ulónguè kapena kalaliki wa ku Moatize, wotsegula buku usiku atatopa, adzafika pati?

Maganizo athu ndi akuti wosewera wa ntchito zambiri asankhe abertura zitatu zokha, ndipo zikhale zapachibale: imodzi ya zoyera, ziwiri za zakuda.

Pa zoyera atenge Sistema de Londres, dzina lochokera ku mpikisano wa ku London wa 1922. Mayendedwe ake ndi d4, Bf4, e3, Cf3, c3, Bd3 ndi Cbd2. Asilikali atatu, amene pa Chipwitikizi timati peões, amaima pa c3, d4 ndi e3 ngati mafuwa, ndipo bispo wa pa c1 amatuluka msanga chitseko cha e3 chisanatsekedwe. Cholinga chake nchosavuta kukumbukira: kavalo akakhale pa e5, bispo wa pa d3 ayang'ane h7, kenaka dama ibwere kumbali kumene kwabisala mfumu ya mdani. Amene amati imeneyi ndi njira ya amantha akumbukire kuti Ding Liren anagonjetsa nayo Ian Nepomniachtchi m'masewera achisanu ndi chimodzi ku Astana mu 2023, pa mpikisano umene unampatsa ukatswiri wa dziko lonse.

Pa zakuda, mdani akayamba ndi e4, muyankheni c6 kenaka d5. Iyi ndi Caro-Kann, imene Anatoly Karpov anaidalira zaka zambiri. Akayamba ndi d4, yankhani d5 kenaka c6, imene imatchedwa Eslava. Onani tsono phindu lake: m'njira ziwirizi asilikali anu kawirikawiri amaima pa c6, d5 ndi e6, ndipo bispo wa pa c8 amatulukira pa f5 musanatseke ndi e6. Ndi mafuwa omwe aja, kungoti mwakhala tsidya lina la tabuleiro. Chimene mwaphunzira Loweruka muli ndi zoyera chidzakuthandizani Lamlungu muli ndi zakuda.

Alipo aphunzitsi amene amatsutsa zimenezi, ndipo mawu awo ali ndi nzeru. Iwo amati wophunzira ayambe ndi e4 e5, pamene mizere imatseguka msanga ndipo cholakwa chimalangidwa pomwepo. Chitsanzo chake nchakale: Pedro Damiano, Mpwitikizi wa ku Odemira, anasonyeza m'buku lake la mu 1512 kuti pambuyo pa e4 e5, Cf3, kuyankha f6 nkudziputira tsoka, pakuti kavalo amadya pa e5, ndipo mukamubwezera, dama imafika pa h5 ndi xeque. Mwana wa zaka khumi amene ali ndi masana onse apite njira imeneyo, ndipo tikupempha aphunzitsi a m'masukulu athu kuti asamuphunzitse Londres msanga. Koma bambo kapena mayi wa zaka makumi anayi akufuna kufika pakati pa masewera ali wamoyo, kuti asewere ndi mutu wake.

Chenjezo lathu ndi ili: abertura yosavuta siseweredwa mutatsinzina. Bispo akachoka pa c1, msilikali wa pa b2 amatsala wopanda mlonda, ndipo mdani wochenjera amasewera c5, Cc6 ndi Db6 kuti amudye. Yankho lodziwika ndi Db3, koma amene amangoponya mayendedwe ake asanu ndi awiri osayang'ana mnzake adzazindikira mochedwa. Momwemonso mu Caro-Kann, zoyera zikakankha e5, zakuda ziyenera kudzamenya pakati ndi c5, apo ayi zidzabanika.

Nanga maola aja agawidwe bwanji? Pa maola atatu, theka la ola likwanira abertura. Ola limodzi lipite ku tática, ndiye kuti mafoloko a kavalo, kumanga chida cha mdani kuti chisasunthe, ndi mate wa mayendedwe awiri. Theka lina lipite ku mathero a mfumu ndi asilikali ndi a torre. José Raúl Capablanca, m'buku lake la oyamba kumene la mu 1921, anaika mathero patsogolo pa abertura. Ola lotsalalo sewerani masewera amodzi odekha, muwalembe m'kope, ndipo mukatha funsani funso limodzi: kodi ndinachoka pati pa zimene ndimadziwa, ndipo ndikanasewera chiyani? Yankho lake ndilo phunziro la abertura la sabata imeneyo. Amene ali ndi foni angalipeze pa Lichess popanda kulipira china koposa intaneti.

Pomaliza, mukasankha musasinthe chaka chisanathe, ngakhale mutagonja katatu motsatizana. Kugonja m'njira imene mukuidziwa kumakusiyirani phunziro la m'kope. Magulu athu a xadrez akusowa akuluakulu amene amabwera sabata ndi sabata, pakuti ndiwo amagula tabuleiro, ndiwo amaperekeza ana ku mipikisano. Asachoke chifukwa cha buku la magulu 500 pamene atatu akanawakwanira.