Mgodi ukagumuka, alamule ndani?

Amene anafikako ku Jumbo Mine, m'boma la Mazowe ku Zimbabwe, amadziwa kuti Chichewa sichisowa kumeneko. M'makomboni a mgodi wakalewu, womwe uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwa Harare, mukukhala ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzakumba golide, ndipo Gule Wamkulu sanaleke kutuluka. Choncho ngozi zikamagwa m'migodi ya ku Mazowe ndi ku Bindura, maliro ake amatikhudza ife tomwe. Mwezi uno ndifuna tikambirane funso limodzi lokha: dzenje la mgodi likagumuka anthu ali pansi, ayenera kulamula pamalopo ndani, nanga munthuyo anaphunzitsidwa zotani?

Tiyambe ndi zimene zinachitika kale. M'chaka cha 2018 kampani ya Metallon, imene inkayendetsa mgodi wa Jumbo, inaimitsa ntchito yokumba. Makina atazima, maenje sanakhale opanda anthu. Anyamata ochuluka ochokera m'zigawo zosiyanasiyana, amene kumeneko amawatcha makorokoza, analowa m'ngalande zakale atatenga tochi, nyundo ndi zophulitsira miyala. Mu Meyi 2019 anthu osachepera 8 anafera pansi pamgodiwu zophulitsirazo zitaphulika. Miyezi itatu izi zisanachitike, mu Febuluwale 2019, madzi a mvula anasefukira m'maenje a Cricket ndi Silver Moon ku Battlefields, pafupi ndi Kadoma, ndipo anatulutsamo mitembo 24 ndi anthu amoyo 8. Pa 25 Novembala 2020 dzenje la Ran Mine ku Bindura linagumuka. Anthu 6 anapulumutsidwa, koma ntchito yofuna otsalawo inavuta kwambiri chifukwa m'dzenjemo munadzaza madzi.

Pa ngozi ziwiri zomalizazi pali chinthu chimodzi chofanana, chimene ambiri sitichiganizira. Panalibe amene ankadziwa bwinobwino kuchuluka kwa anthu amene anali pansi. Ku Battlefields kunamveka kuti mwina ndi 60 kapena 70. Ku Ran Mine ena ankati 30, ena 40. Opulumutsa anthu akapanda kudziwa kuti akufuna anthu angati ndiponso kuti analowera ngalande iti, amagwira ntchito mongoyerekeza, ndipo sadziwa nthawi yoyenera kuleka. Mayi amene wakhala pamulu wa dothi kudikira mwana wake sangauzidwe ngakhale zoti mwanayo analowadi kapena ayi.

Komatu odziwa amakhalapo. Amene anagwira chingwe potsitsa anzawo amadziwa mayina awo. Amene anatuluka m'mawa amadziwa kumene kuli madzi ndi kumene denga lili lofooka. Vuto ndi lakuti anthu amenewa ndi omwe amathawa akangoona galimoto ya polisi, poopa kumangidwa. Mantha awo ali ndi pochokera. Mu Disembala 2019 gulu la achifwamba a zikwanje linapha wapolisi pamgodi wina ku Battlefields, ndipo mu Januwale 2020 apolisi a Zimbabwe Republic Police anachita chipikisheni chachikulu ku Jumbo ndi madera ena, n'kumanga anthu mazanamazana. Palibe angatsutse kuti zikwanjezo zinayenera kulandidwa. Koma wapolisi yemweyo amene dzulo amathamangitsa makorokoza, lero ndiye woyamba kufika pamene dzenje lawakwirira. Apa ndi pamene maphunziro a utsogoleri amaonekera phindu lake.

Tiyerekeze kuti ndi usiku wa m'dzinja ndipo mvula yagwa tsiku lonse. Foni yalira kupolisi kuti dzenje lagumuka. Woyamba kufika sakhala komishonala ayi, koma sajeni kapena insipekitala wachinyamata ndi anzake atatu kapena anayi. Apeza chinamtindi cha anthu, amayi akulira, anyamata ena ayamba kale kutsika ndi zingwe, ena akulowera kutchire. Kukamacha pafika akuluakulu a boma, a unduna wa za migodi, asilikali, khansala, phungu ndi atolankhani, aliyense ndi nzeru zake. Wina akuti tiyambe tapopa madzi, wina akuti tiitane katapila. Koma katapila akaima panthaka yofooka akhoza kugwetsera denga pa anthu amene akadali moyo. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Pamalo a ngozi, olamula akachuluka, nthawi imathera m'mikangano pamene pansi madzi akukwera.

Vuto limeneli si la kwathu kokha. M'chaka cha 1970 moto waukulu wa m'nkhalango unasakaza dera la California ku America. Pofufuza pambuyo pake, anapeza kuti magulu ozimitsa moto ochokera m'malo osiyanasiyana sankamvana: mawu awo a pantchito anali osiyana, mawailesi awo sankalumikizana, ndipo sizinkadziwika kuti mtsogoleri ndani. Kuchokera pamenepo anakonza ndondomeko yotchedwa Incident Command System, imene maiko ambiri atengera. Mfundo zake ndi zosavuta kumva. Pamalo a ngozi pakhale wolamula mmodzi wodziwika kwa onse. Munthu aliyense alandire malamulo kuchokera kwa mkulu mmodzi yekha. Mtsogoleri aliyense ayang'anire anthu kapena timagulu tosapitirira 7, makamaka 5, chifukwa akachuluka kuposa pamenepo sangawatsatire onse. Ndipo wamkulu paudindo akafika, ulamuliro usinthane manja moonekera, woyamba uja atafotokoza zonse zimene zachitika.

Apolisi a ku London nawo anaphunzira movutikira. Pa zipolowe za ku Broadwater Farm mu Okutobala 1985 wapolisi wina anaphedwa, ndipo pambuyo pake anakhazikitsa magawo atatu a ulamuliro otchedwa Gold, Silver ndi Bronze. Wa Gold amakhala patali ndi malo a ngozi, ntchito yake ndi kunena cholinga ndi kupeza zipangizo. Wa Silver amakonza njira yokwaniritsira cholingacho. A Bronze ndi amene amayang'anira ntchito yeniyeni, wina pachingwe chotchinga anthu, wina pamsewu, wina pakamwa pa dzenje. Chofunika kudziwa n'chakuti magawowa satsata nyota za paphewa koma ntchito. Bwana wamkulu akabwera kudzaona, salanda wailesi n'kuyamba kulamula mwachisawawa.

Nanga sajeni wathu uja, akanakhala kuti anaphunzira zimenezi, akanachita chiyani m'ola loyamba? Akanalengeza kuti iye ndiye wolamula kufikira wina atamulandira. Akanatchinga malowo ndi zingwe ziwiri, chamkati cha opulumutsa anthu okha, chakunja chotetezera khamu kuti lisaponde nthaka yong'aluka. Akanasankha malo amodzi, ngakhale pansi pa mtengo, oti aliyense wofika ayambe waonekera pamenepo. Akanasiya msewu wotseguka kuti ambulansi, jenereta ndi mapampu zidutse. Akanapatsa mnzake kope kuti alembe nthawi, zimene zagamulidwa, ndi dzina la aliyense wotsika ndi wotuluka. Zonsezi sizilira ndalama. Zimalira munthu amene anaziyeserera kambirimbiri mpaka kuzolowera, kotero kuti sazingwa ngakhale anthu akumukuwiza.

Ndipo akanachita chinthu china chovuta kuposa zonsezi: kuuza khamulo mokweza kuti lero tabwera kudzapulumutsa anthu, ndipo amene akudziwa mayina ndi njira za pansi abwere atithandize. Mawu otere sajeni sangawalankhule ngati akudziwa kuti mawa akuluakulu ake adzamudzudzula kuti analekerera opalamula. N'chifukwa chake maphunziro ayenera kuyambira kumwamba. Akuluakulu a polisi agwirizane pasadakhale, ndipo alembe, kuti pa ngozi moyo ndiwo uyamba, milandu pambuyo. Mlandu ukhoza kudikira sabata yamawa, koma munthu amene madzi amufika m'khosi sangadikire.

Tinaona ku Stilfontein ku South Africa zimene zimachitika cholinga chikasokonekera. Kumapeto kwa 2024 apolisi anazinga mgodi wakale wa golide n'kuchepetsa chakudya ndi madzi opita pansi, pofuna kukakamiza okumba mosaloledwa kuti atuluke. Ntchito yeniyeni yowatulutsa inayamba mu Januwale 2025 khoti litalamula, ndipo m'masiku ochepa anatulutsa anthu amoyo 246 ndi mitembo 78. Ambiri mwa otulutsidwawo anali ochokera ku Mozambique, Zimbabwe ndi Lesotho. Ku Marikana nako, pa 16 Ogasiti 2012, apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi amene ankanyanyala ntchito. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Ian Farlam linapeza kuti dongosolo la tsikulo linali lolakwika, kuti ntchitoyo inayenera kuimitsidwa anthu oyamba atangowomberedwa, ndiponso kuti achipatala anachedwa pafupifupi ola lathunthu kufika kwa ovulala. Mtsogoleri wophunzitsidwa bwino amadziwa kulamula kuti tiyeni, komanso amadziwa kulamula kuti imani.

Pali mbali ina ya utsogoleri imene anthu audindo imawavuta, ndiyo kudziwa malire a luso lako. Wapolisi si katswiri wa miyala. Ku Zimbabwe lamulo la Civil Protection Act la 1989 linakhazikitsa makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi kuyambira kulikulu mpaka m'maboma, momwe mumakhala apolisi, azaumoyo, asilikali ndi nthambi zina. Migodi ikuluikulu, monga Freda Rebecca ku Bindura, imakhala ndi magulu ophunzitsidwa kupulumutsa anthu pansi panthaka. Ntchito ya wolamula si kulowa m'dzenje yekha kapena kutsutsana ndi injiniya, koma kuonetsetsa kuti akatswiriwo aitanidwa msanga, afika, ndipo akugwira ntchito popanda wowasokoneza. Ku Chile mu 2010, anthu 33 atatsekeredwa mumgodi wa San José kwa masiku 69, boma linapereka utsogoleri wa ntchito yowapulumutsa kwa injiniya wa migodi, André Sougarret, ndipo onse anatuluka amoyo. Ku Zimbabwe komweko, mu Januwale 2024, anthu 15 anatuluka amoyo mumgodi wa Redwing ku Penhalonga atakhala pansi masiku angapo. Kutaya mtima msanga n'kulakwa.

Monga munthu amene ntchito yanga ndi yofalitsa uthenga, ndiyenera kutchulanso za achibale. Pamalo a ngozi mphekesera zimathamanga kuposa ambulansi, makamaka masiku ano a WhatsApp. Wolamula asankhe munthu mmodzi wolankhula kwa achibale ndi atolankhani, pa nthawi zodziwika, ngakhale palibe chatsopano chonena. Ndipo alankhule m'chilankhulo chimene anthuwo amalirira. Ku Jumbo kuli agogo amene Chishona amachimva, koma uthenga wa imfa kapena wa chiyembekezo umawafika pamtima m'Chichewa. Ena mwa mabanja a anthu obwerawa akhala zaka zambiri opanda zitupa za unzika, ndipo amaopa kutchula dzina la m'bale wawo pamaso pa munthu wa yunifolomu. Mtsogoleri wanzeru amaitana mkulu wa mpingo, shehe kapena mkulu wa m'komboni kuti akhale pambali pake polemba mayina.

Malo ophunzitsira alipo. Apolisi a ku Zimbabwe ali ndi sukulu yawo ya akuluakulu, Police Staff College, ku Harare, ndipo Bindura University of Science Education, imene ili m'chigawo chomwecho cha Mashonaland Central, imaphunzitsa digiri ya za upolisi ndi chitetezo. Pempho langa n'lakuti maphunziro a kulamula pa ngozi asathere m'kalasi ndi m'mahotela, kumene ife a m'mabungwe timakonda kuchititsa misonkhano n'kugawa masatifiketi. Apite kumaenje. Kamodzi pachaka, mvula isanayambe, apolisi, achipatala, gulu lopulumutsa anthu la mgodi wapafupi ndi atsogoleri a okumba golide ayeserere pamodzi ngozi yongopeka. Kumeneko ndi kumene zimadziwika kuti nambala ya foni ya mwini pampu inasintha, kuti mlatho wa panjira sungapirire lole, kapena kuti mawailesi a magulu awiri samvana. Ndi bwino kuzindikira zimenezi masana a mu Okutobala kusiyana ndi usiku wa mu Febuluwale.

Owerenga a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique asaone ngati nkhaniyi ndi ya kutali. Ku Mangochi, ku Kasungu, ku Petauke ndi ku Niassa anthu akukumba golide m'maenje opanda mizati yochirikiza, ndipo wapolisi wa pasiteshoni yapafupi ndi amene adzayambe kuitanidwa. Inu amene muli m'makomiti a chitukuko kapena a chitetezo cha m'mudzi, pamsonkhano wotsatira mufunseni mkulu wa polisi wa kwanuko kuti dzenje litagumuka usiku uno angalamule ndani, ndipo pampu angaitenge kuti. Nanunso okumba, ikani kope pakamwa pa dzenje, ndipo aliyense wotsika alembedwe dzina ndi nthawi. Tsiku la tsoka, kope limenelo ndi limene wolamula adzayambe kufunsa.